Bokosi Lopanda Loko: Atsogoleri a mu Africa Akamaunikana Okhaokha

[Pakhonde la nyumba ina ku Ndirande, Loweruka masana. Amayi akhala pamkeka, pakati pawo pali bokosi lachitsulo. Kamera iyandikire pa maloko.]

Tawerengani malokowo. Atatu. Makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo mayi amene amasunga bokosili kunyumba kwake alibe kiyi n'komwe. Amene munakhalapo mu banki m'khonde mukudziwa chifukwa chake. Palibe amene anawakoka amayiwa kuti alowe m'gulu, aliyense anabwera yekha ndi miyendo yake. Koma ukangolowa, malamulo akugwira. Wachedwa ku msonkhano, lipira chindapusa. Tsiku lobweza ngongole lakwana iwe ulibe, chiwongoladzanja chikukwera. Ukayamba kuzemba, m'mawa wina udzangomva "odi" pakhomo, anzako omwewo abwera gulu lonse, maso ali pa matiresi ndi wailesi.

[Wofotokoza alowe m'chithunzi, akhale pa kampando pambali pa gululo.]

Muli bwanji nonse amene mukuonera? Lero tikamba za gulu lina lolowa modzifunira ngati lomweli, kungoti mamembala ake ndi mapulezidenti. Analiyambitsa kuti aziunikana mmene aliyense akuyendetsera dziko lake. Dzina lake ndi African Peer Review Mechanism, ambiri amangoti APRM. Ngati n'koyamba kulimva dzinali musachite manyazi, muli ambiri, ngakhale kuti Malawi anasaina kulowa m'gululi kalekale mu Julayi 2004. Bokosi la atsogoleriwa lilibe loko, ndipo chindapusa sichinalembedwe paliponse.

[Zithunzi zakale za msonkhano wa atsogoleri ku Addis Ababa.]

Pomwe bungwe la Organisation of African Unity linkakhazikitsidwa ku Addis Ababa mu 1963, mayiko ambiri anali atangolandira kumene ufulu wodzilamulira. Chimene ankadana nacho kwambiri chinali kuuzidwanso zochita ndi munthu wakunja, choncho anagwirizana kuti za m'nyumba ya mnzako usalowerere. Lamulo limeneli linabisa zambiri. Mu 1975, nthawi imene anthu ankasowa usiku ku Uganda, Idi Amin anakhala wapampando wa bungwelo. Kuno kwathu anthu ankatsekeredwa ku Mikuyu osazengedwa mlandu, bungwelo osaiona ngati nkhani yake.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Thabo Mbeki wa ku South Africa, Olusegun Obasanjo wa ku Nigeria, Abdelaziz Bouteflika wa ku Algeria ndi Abdoulaye Wade wa ku Senegal anatsogolera ndondomeko ya chitukuko yotchedwa NEPAD. Mtima wake unali wakuti tatopa ndi a IMF ndi World Bank kubwera ndi cholembera chofiira kudzachonga makope athu, tiyeni tizichongerana tokha. Kuchokera mu ndondomeko imeneyi, APRM inabadwa mu Malichi 2003 ku Abuja, ofesi yake yaikulu n'kukhala ku Midrand, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria.

[Dzanja likujambula ndi choko pa bolodi pamene wofotokoza akulankhula.]

Papepala ntchitoyi imayenda chonchi. Dziko likasaina limakhazikitsa komiti yake, mmene mumayenera kukhala aboma, amipingo, amalonda, ophunzira ndi mabungwe omwe si aboma. Komitiyo imafunsa nzika pa mbali zinayi zimene anayamba nazo: demokalase ndi ndale, kayendetsedwe ka chuma cha dziko, kayendetsedwe ka makampani, ndi chitukuko cha anthu. Dziko limadzilembera lokha lipoti, kunena kuti apa tili bwino, apa tikudwala. Kenako kumabwera akatswiri ochokera m'mayiko ena a mu Africa, motsogozedwa ndi mmodzi wa akuluakulu olemekezeka amene anasankhidwira ntchitoyi. M'gulu loyamba la akuluakuluwa munali mayi Graça Machel a ku Mozambique, Pulofesa Adebayo Adedeji a ku Nigeria, mayi Marie-Angélique Savané a ku Senegal ndi ena. Amazungulira m'dzikomo kumva anthu, n'kulemba lipoti lawolawo. Boma limaloledwa kuyankha, ndipo yankho lake limaphatikizidwa ku lipotilo. Pomaliza pulezidenti amakhala pakati pa mapulezidenti anzake, lipoti lili patebulo, iwo n'kumamufunsa. Pakatha miyezi 6 lipoti liyenera kutuluka poyera, limodzi ndi ndondomeko ya zimene boma lalonjeza kukonza.

Ine ndikamawerenga zimenezi ndimaomba m'manja. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Tsono tiyeni tione mmene khutulo latsinidwira.

[Wofotokoza akuyenda mu Victoria Avenue, maminibasi akudutsa.]

African Union, bungwe limene linalowa m'malo mwa Organisation of African Unity, ili ndi mayiko 55. Oposa 40 anasaina kulowa mu APRM, koma amene anafika pounikidwa ndi ongopitirira theka la osainawo. Malamulo amati kuunika koyamba kuchitike pasanathe miyezi 18 dziko litalowa. Ife tinalowa Bingu wa Mutharika atangolowa kumene m'boma. Miyezi 18 inatha. Mu 2010 Bingu yemweyo anakhala wapampando wa African Union yonse, lipoti la kwawo kulibe. Pa 20 Julayi 2011 kunali zionetsero zija zimene anthu pafupifupi 20 anafapo. Mu 2013, nthawi ya mayi Joyce Banda, Cashgate inaphulika, mabiliyoni atatuluka ku Capital Hill kulipira katundu amene sanaperekedwe. Mu 2014 kunabwera a Peter Mutharika. Zaka zoposa 15 zinadutsa, maboma atatu, dzina la Malawi lili m'kaundula wa mamembala koma lipoti osaoneka. M'zaka zomwezo anansi athu onse atatu anakhala pa mpando wofunsidwa: Mozambique mu 2009, Zambia ndi Tanzania mu 2013, Mozambique n'kubwerezanso mu 2019.

Sindikunena kuti lipoti likanaletsa Cashgate, ayi. Koma m'mafunso aja muli gawo lofunsa mmene ndalama za boma zimatulukira ndiponso amene amazilondera. Funso limenelo linafunika kufunsidwa mokweza, pagulu, anthu asanabowole makina a IFMIS amene boma limagwiritsa ntchito polipira ndalama.

Nanga munthu amasainiranji kenako n'kukhala duu? Kusaina n'kwaulere, ndipo kumakometsa nkhope pamaso pa mayiko otithandiza. Kuunikidwa ndiye kumafuna ndalama ndi kulimba mtima. Chisankho chikayandikira palibe pulezidenti amene amafuna kupereka chikwapu m'manja mwa otsutsa. Chisankho chikatha, boma latsopano limati tiyambe takhazikika. Likamakhazikika, chisankho china chafika. Ku banki m'khonde munthu wotere akanamufufuta m'buku chaka chisanathe.

[Kubwerera pa bolodi. Pajambulidwe makiyi atatu.]

Amene analimba mtima n'kuyamba, nawo anasiyana pa nkhani ya makiyi. Ghana, pansi pa John Kufuor, ndiye inali yoyamba, ndipo anzake anamufunsa ku Khartoum mu Januwale 2006. Kufuor anapereka ntchito yonse kwa komiti ya anthu 7 mopanda nduna ngakhale imodzi, kafukufuku n'kupatsidwa kwa mabungwe anayi oima paokha. Ku South Africa wapampando wa komiti anali nduna ya boma, mayi Geraldine Fraser-Moleketi, ndipo mabungwe ambiri anadandaula kuti nthawi inali yochepa komanso kuti zimene anthu ananena zinafewetsedwa polemba. Onse awiri anatsata malamulo a APRM, chifukwa malamulowo amasiya mpata woti dziko lidzisankhire. Wosunga bokosi akaloledwa kusankha amene agwire makiyi, musadabwe akasankha mlamu wake.

[Depoti ya Wenela m'mawa. Anyamata akupakira zikwama m'basi yopita ku Johannesburg.]

Ndabwera pano dala. Dzina lakuti Wenela linachokera ku bungwe limene linkalemba agogo athu ntchito za m'migodi ku Joni, ndipo mpaka lero msewu umenewu sunazizire. M'mabanja ambiri muno mu Blantyre muli wina amene ali kumeneko, kapena amene anabwerako.

Lipoti la South Africa, limene analitsogolera Pulofesa Adedeji, linakambidwa ndi atsogoleri ku Accra mu Julayi 2007. Mwa zina, linachenjeza kuti chidani pa anthu obwera, makamaka ochokera m'mayiko ena a mu Africa, chikukula ndipo chikufunika kuthana nacho. Boma la Mbeki linatsutsa mfundo imeneyo. Kumbukirani kuti Mbeki ndi mmodzi wa eni ake a ganizo lonseli. Chaka chisanathe, mu Meyi 2008, moto unabuka ku Alexandra n'kufalikira m'madera ena. Anthu 62 anaphedwa, masauzande anathawa m'nyumba zawo, ndipo Amalawi ambiri anabwerera kuno pa mabasi ali ndi zovala za m'thupi zokha. Mu 2015 zinachitikanso, ndipo ambiri a ife tikukumbukira abale athu akutsika pa Kamuzu Stadium.

Ku Kenya nkhani yake ndi yolasa mtima kuposa pamenepa. Amene anatsogolera kuunikako anali mayi Graça Machel, ndipo lipoti linakambidwa ku Banjul mu Juni 2006. Linanena mosabisa kuti ndale zotsamira pa mitundu, mikangano ya malo ndi kusiyana kwa chitukuko pakati pa zigawo ndi zinthu zimene zingagwedeze dzikolo. Mu Disembala 2007 kunachitika chisankho cha Mwai Kibaki ndi Raila Odinga. Zotsatira zitakanidwa, anthu oposa 1,000 anaphedwa, ena mazanamazana a masauzande anasowa pokhala. Ndiye taonani amene anatumidwa kukayanjanitsa mbali ziwirizo: Kofi Annan, Benjamin Mkapa, ndi mayi Graça Machel omwewo. Munthu amene analemba chenjezo anabwerera kukazimitsa moto umene anaulosera. Mawu a akulu akoma akagonera, inde, koma apa anagonera pamodzi ndi maliro.

Apa ndi pamene ine ndimasiyana maganizo ndi amene amati APRM ndi yachabechabe. Akatswiri aja anagwira ntchito yawo. Anaona matenda, anawatchula dzina, analemba. Chimene chinasowa ndi munthu woti agwire wodwala dzanja n'kumumwetsa mankhwala. Chikalata choyambitsa APRM chimati boma likakanika kukonza, anzake ayambe akambirana nalo ndi kulithandiza, zikalephereka angathe kulichenjeza kuti achitapo kanthu. Kanthu kanji? Sichinena.

[Wofotokoza wakhala pa benchi, kumbuyo kukuoneka phiri la Soche.]

Tsopano tilowe m'chipinda chimene mapulezidenti amafunsirana. Misonkhano imeneyi kawirikawiri imachitika m'mphepete mwa msonkhano waukulu wa African Union, zitseko zili zotseka, ndipo atsogoleri ambiri amangotumiza nduna. Amene abwera, ndi ayani? Equatorial Guinea inalowa mu 2014, ndipo Teodoro Obiang wakhala pampando kuyambira 1979. Yoweri Museveni walamulira Uganda kuyambira 1986, malire a materemu anachotsedwa mu 2005, malire a zaka zakubadwa n'kuchotsedwanso mu 2017. Sudan inaunikidwa mu 2017 Omar al-Bashir ali pampando, ndipo mu Epulo 2019 anagwetsedwa anthu atadzaza m'misewu ya Khartoum.

Ndiye lipoti lafika patebulo, likunena kuti dziko lakutilakuti lili ndi vuto la mtsogoleri wokakamira pampando. Adzutse nkhaniyo ndani? Anyani sasekana zikundu. Aliyense akudziwa kuti mawa adzakhala iyeyo pa mpando womwewo, choncho amene ungamufunse mofatsa lero adzakufunsanso mofatsa. Ndi chipereganyu cha ulemu.

Ena amati ndi bwino kuti atsogoleri otere akhale m'kati kusiyana n'kukhala kunja, chifukwa m'kati amamvako mawu. Mfundoyo ndimaimva. Koma khomo likakhala lotsegukira aliyense popanda chofunika kukwaniritsa, umembala umasanduka satifiketi yopachika pakhoma.

Tisaganize kuti matendawa ali mu APRM mokha. SADC inali ndi khothi lake ku Windhoek. Mu 2008 linagamula mokomera alimi amene analandidwa minda ku Zimbabwe. Boma la Robert Mugabe linakana chigamulocho. Atsogoleri anzake, m'malo momuumiriza kumvera, anaimitsa khothilo mu 2010, kenako n'kuchotsa mwayi woti munthu wamba akasumire boma lake kumeneko. Woweruza atagamula zosakomera membala, gulu linachotsa woweruzayo.

[Zithunzi za mapepala a zotsatira za chisankho ofufutidwa ndi tipeksi.]

Za mu 2019 simufunika kuuzidwa. Pa chisankho cha pa 21 Meyi kunabwera oyang'anira ochokera ku SADC, ku African Union, ku Commonwealth ndi kwina. Gulu la Commonwealth analitsogolera Thabo Mbeki, la African Union John Mahama wa ku Ghana. Malipoti awo oyamba anayamikira mmene tsiku loponya voti linayendera, ndipo ambiri ananyamuka nkhani ya tipeksi isanafike pachimake. Amene anafukula zonse anali a konkuno: anthu amene anayenda m'misewu miyezi yambiri, maloya, mboni, ndi oweruza asanu amene pa 3 Febuluwale 2020 anathetsa chisankhocho. Pa 23 Juni tinavotanso.

Bwererani m'mbuyo pang'ono mufike mu 2002, pomwe Bakili Muluzi ankafuna kuchotsa malire a materemu. Bilu inagwa m'Nyumba ya Malamulo itaperewera mavoti atatu okha. Amene anaima njii anali amipingo, a PAC, aphungu ena olimba mtima, ndi oyendetsa galimoto amene ankaliza mahutala m'misewu ya mzinda uno. Kawiri konse loko wa bokosi anali m'manja mwa eni dziko.

[Wofotokoza ali pa msika wa Limbe.]

Za ndalama ndingodutsamo, chifukwa nkhani yake mukuidziwa kale. Membala aliyense ankayenera kusonkha madola 100,000 pa chaka, ndalama yochepa kwa boma, koma ambiri ankakhala ndi ngongole ya zaka. Ofesi ya ku Midrand inakhala zaka zingapo yopanda mkulu wokhazikika mpaka Pulofesa Eddy Maloka atasankhidwa mu 2016, ndipo m'zaka zoyandikira pamenepo ntchito younika mayiko inali itatsala pang'ono kuimiratu. Mabungwe ngati UNDP ndi African Development Bank akhala akuthandizapo. M'mayiko ounikidwa namo, ndondomeko ya zokonza ija nthawi zambiri sinkalowa mu bajeti ya boma, inkangokhala buku lapadera lodikira wopereka thandizo.

Wina afunsa kuti bwanji osangokakamiza dziko lililonse? Chitsanzo chilipo. Kuyambira 2008, ku Geneva, bungwe la United Nations limaunika mayiko onse pa nkhani ya ufulu wa anthu, ndipo palibe amene amasiyidwa. Malawi anakaonekera kumeneko mu 2010, mu 2015 ndi mu 2020. Koma kumenekonso dziko limasankha malangizo amene lawavomera, ena n'kungoti tamva. Ndipo mayiko ogwirizana amathamangira kulembetsa kuti alankhule, nthawi n'kuthera m'kuyamikirana. Kukakamiza kumabweretsa munthu pabwalo, basi. Komanso tinene chilungamo: APRM ikanakhala ndi chilango kuyambira pachiyambi, ndi angati akanasaina? Kufewa kumene kunakopa mayiko oposa 40 ndi komwenso kukuwalola kugona.

Pamene zinayendako, muona kuti kunyumba kunali anthu ogwira lipoti m'manja. Ku Ghana, chaka chomwecho cha 2006, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza anthu oulula za katangale, ndipo komiti ija inapitiriza kulondola malonjezo a boma mpaka m'maboma ang'onoang'ono. Ku Kenya, zambiri zimene lipoti linanena zinadzalowa m'malamulo aakulu atsopano a 2010, amene anagawa mphamvu ndi ndalama kupita m'zigawo 47, ngakhale kuti anafika pamenepo atakwirira kale anthu.

[Kubwerera pakhonde la ku Ndirande. Dzuwa lapendeka. Mlembi wa gulu watsegula buku.]

Pali chinthu chimodzi chimene amayi awa amachita chimene sindinachitchule poyamba paja. Bokosi lisanatsekedwe, ndalama zimawerengedwa pamaso pa aliyense, ndipo mlembi amawerenga mokweza: wakuti wasunga mwakuti, wakuti ali ndi ngongole yakuti. Ngakhale mayi amene sanapite kusukulu amachoka pano akudziwa ndalama zimene zili m'bokosi, ndipo sabata yamawa akafunsidwa azitchula pamtima.

Malipoti a APRM ndi mabuku a masamba mazanamazana, olembedwa m'zilankhulo ngati Chingerezi ndi Chifalansa, oikidwa pa intaneti. Mmalawi amene ankagulitsa malonda ku Alexandra mu 2007 sanadziwe kuti pali buku limene lalemba za ngozi imene ikumudikira. Tsiku limene Malawi adzakhale pa mpando uja, ine funso langa silidzakhala lakuti mapulezidenti anena chiyani m'chipinda chotseka. Ndidzafuna kudziwa amene ali mu komiti ndiponso amene anawasankha. Ndidzafuna kumva lipotilo likuwerengedwa pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilomwe ndi m'Chisena, tsamba ndi tsamba, kuti phungu akabwera kuno ku Ndirande adzapeze anthu akudziwa kale zimene boma linalonjeza pa tsamba lakutilakuti, ndi ndalama zimene linati lidzaikapo.

[Mlembi amaliza kuwerenga. Amayi atatu aimirira mmodzimmodzi, aliyense atseka loko wake n'kumangirira kiyi pa nsonga ya chitenje. Wachinayi asenza bokosi, atuluka pa geti.]